ZA KUZIZIRITSA NYUMBA NDI NTHAKA M'MAIKO OTENTHA NDI A CINYEZI

M'midzi yambiri ya kunyanja ndi ya kucigwa ca Shire anthu acotsa madenga a udzu nakhoma malata, ndipo palibe amene angawadzudzule, pakuti malata sadontha, sapsa ndi moto wolusa, ndiponso safuna kufolera caka ndi caka. Koma nyumba ya malata iri ndi mlandu umodzi umene aliyense aucitira umboni pofika mwezi wa Okutobala: masana munthu sangakhalemo, usiku mwana wakhanda agona m'thukuta, ndipo nkhalamba ndi odwala afika polefuka. Cikomekome ca mkuyu, adatero akulu, m'kati muli nyerere. Ku Nsanje ndi ku Cikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena a cirimwe, ndipo pansi pa lata lopanda cotchinga cina kumakhala koposa pamenepo.

Anthu a cuma a m'mizinda ali nalo yankho lao, ndilo makina oziziritsa mpweya oyendera magetsi. M'caka ca 2018 bungwe lotchedwa International Energy Agency lidawerenga kuti makina otere adalipo 1.6 biliyoni pa dziko lonse, ndi kuti pofika 2050 akhoza kukwana 5.6 biliyoni, lidanenanso kuti pa magawo 10 a magetsi onse a pa dziko lapansi, gawo limodzi lidali kuthera m'makinawa ndi m'mafani. Makina amenewa sapha kutentha ai, angokutulutsa m'nyumba nakutaya pabwalo, cotero mzinda wodzala nao utentha koposa kale. Tsono kwa ife a kumudzi, kumene nthambo za magetsi sizidafike m'makomo ambiri, ndipo kumene zafika mtengo wake uluma, yankho limeneli liri patali. Ndico cifukwa cake amisiri omanga nyumba a m'maiko ambiri ayamba kuyang'ananso pansi pa mapazi ao, nafunsa kuti: kodi nthaka imene nyumba yakhalapo siingathe kuiziziritsa yokha, popanda makina? Yankho lake ndi lakuti inde, ikhoza. Koma siitero mofanana ponseponse, ndipo m'dziko lotentha ndi la cinyezi iyenera kuthandizidwa ndi nzeru. Nkhani yathu ya mwezi uno yagona pamenepo.

NKHOKWE YA CISANU

Galu adziwa cinthu ici osaphunzitsidwa. Dzuwa likafika pamutu iye apita kunsi kwa nkhokwe, nafukula dothi ndi zikhadabo zake, nagoneka mimba yake m'kadzenjeko. Mcenga wa pabwalo uwauza mapazi a mwana, koma mukakumba mkono umodzi cabe mupeza dothi lozizira. Cifukwa cake ndi cakuti kutentha kuyenda pang'onopang'ono m'nthaka. Kutentha kwa usana umodzi kusanatsike ngakhale theka la mita, usiku wafika kale, ndipo kubwerera kumwamba. Kunsi kwa muyeso umenewo nthaka siidziwa usana kapena usiku.

Nyengo za caka zilowa mozama koposa, pakuti zikhalitsa miyezi, koma nazonso zifika kunsi zitafooka ndiponso zitacedwa. Pa kuya kwa mamita 2, ndiko kupitirira pang'ono msinkhu wa munthu wamtali, nyengo icedwa kufika ndi miyezi ngati iwiri. Ndiko kunena kuti cisanu cimene cidatikhalitsa pamoto m'Julai cifika kumeneko m'Seputembala, ndipo cikali kumveka pamene kunja kwayamba kutentha. Kunsi kwa mamita ngati 10 kulibe dzinja, kulibe cirimwe: nthaka ikhala cimodzimodzi caka conse. Nanga kutentha kwake kwa kumeneko n'kotani? Apa ndipo pali mutu wa nkhani yonse, ndipo owerenga augwiritse. Mukatenga kutentha kwa masiku onse a caka m'dera lanu, usana ndi usiku, cisanu ndi cirimwe, ndi kuzisakaniza pamodzi monga madzi otentha ndi ozizira mu mtsuko umodzi, cimene mupeza ndico kutentha kwa nthaka yakuya ya kwanuko, kapena kuonjezapo digiri imodzi kapena awiri. Nthaka iri ngati nkhokwe: isunga cisanu ca Juni monga nkhokwe isunga cimanga ca masika, ndipo siingatulutse coposa cimene caka cidaikamo. Dziko lokhala ndi cisanu coopsa liri ndi nkhokwe yodzala. Dziko lopanda cisanu nkhokwe yake iri pafupi kukhala yopanda kanthu.

Anthu akale adadya za m'nkhokwe imeneyi. Mu mzinda wa Yazd, m'cipululu ca dziko la Iran, adakumba ngalande za madzi pansi pa nthaka, zimene azitcha qanat, ndi zipinda za pansi zokhalamo masana, namanga nsanja zokola mphepo pamwamba pa nyumba zao. Mpweya wouma wa m'cipululu ukapita pa madziwo uzizira monga azizirira madzi mu mtsuko wa dothi. Koma citsanzo cimene citiphunzitsa bwino koposa ciri kumpoto kwa Italy, pa mudzi wa Costozza pafupi ndi mzinda wa Vicenza, pakuti kumeneko cirimwe cikhala cotentha ndi ca thukuta. M'mapiri a mudziwo muli mapanga aakulu amene anthu adawakuza posema miyala yomangira, ndipo mpweya wa m'menemo ukhala pa madigiri 11 kapena 12 caka conse. M'zaka za m'ma 1500 a banja la Trento adakumba njira za pansi zocokera kumapangawo kufika kunsi kwa nyumba zao, naboola mabowo pansi pa zipinda, otseka ndi kutsekula monga afunira mwini nyumba. Mmisiri womveka Andrea Palladio adazitama nyumbazo m'buku lake la zomangamanga la caka ca 1570. Asimba kumeneko kuti Galileo Galilei, katswiri uja wa nyenyezi, adagona tulo masana pafupi ndi bowo lina la mphepoyo ali wotuluka thukuta, nadzuka ndi nthenda ya m'mafupa imene idamsautsa kufikira ukalamba wake. Ndipo zikakhala zoona, ndiye kuti mphepoyo idali yozizira ndithu! Koma taonani cifukwa cake: ku Vicenza madzi aundana pa nthawi ya cisanu. Mapangawo angobweza m'cirimwe cimene adalandira m'miyezi ya cisanuyo.

Amisiri a masiku ano sasowa phanga, pakuti adzipangira lao ndi paipi. Akumba ngalande yakuya mamita 2 kapena 3, yotalika mamita 30 kufikira 50, nagonekamo paipi yotakata ngati masentimita 20, nakwirira. Mlomo umodzi wa paipiyo utulukira kunja pa mthunzi, wina ulowa m'nyumba. Kafani kakang'ono, kamene sola imodzi ikhoza kukayendetsa, kakoka mpweya wotentha wa kunja. Mpweyawo poyenda m'paipi usiya kutentha kwake m'dothi lozungulira, nutulukira m'cipinda uli pafupi kufanana ndi nthaka. Ena sagwiritsa fani konse, koma amanga cumuni cakuda pamwamba pa denga, cimene cikatenthedwa ndi dzuwa cikweza mpweya wa m'nyumba, ndipo wa m'paipi ulowa m'malo mwake. A ku France adazolowera njira imeneyi kotero kuti iri ndi maina awiri kwao, lina la nthawi yofuna kuzizira, lina la nthawi yofuna kufunda, pakuti paipi yomweyo ifunditsa mpweya pa cisanu.

MABVUTO AWIRI A DZIKO LA CINYEZI

Tsono tisiye maiko a cisanu, tipite kumene dzuwa ndi mvula zikhalira pamodzi caka conse, monga ku Malaysia ndi ku Singapore. Mu mzinda wa Kuala Lumpur mwezi uliwonse ufanana ndi unzake: masana kutentha kufika madigiri 32 kapena 33, usiku kutsika kufika 24, ndipo cisanu sacidziwa. Mukasakaniza zonsezi mupeza madigiri 27 kapena 28, ndipo nthaka yao iri pomwepo kapena kupitirirapo pang'ono. Cotero paipi ya pansi ikagwira nchito bwino koposa, icotsa madigiri 4 kapena 5 cabe pa mpweya wa masana. Ndipo usiku zinthu zitembenuka: mpweya wa kunja ukhala wozizira koposa nthaka, kotero kuti woiwala kuzima fani yake adzitenthetsera yekha cipinda cogona. Ili ndilo bvuto loyamba, kuti m'dziko lotere nthaka yomwe ndi yofunda.

Bvuto laciwiri ndi lalikulu koposa, ndilo cinyezi. Thupi la munthu lidziziziritsa ndi thukuta, koma thukuta lithandiza pokhapo likauma. Ndi pouma pamene licotsa kutentha pa khungu. Mpweya wouma wa m'Okutobala umwa thukuta msanga, ndipo munthu wokhala pa mthunzi apeza mpumulo. Koma mpweya wa m'Febuluwale, wokhuta kale madzi, ukana kumwa. Thukuta lingoyenderera, malaya amata pamsana, mcere usungunuka m'cikho, ndipo zocapa siziuma. Amai onse azidziwa izi. Tsono mpweya wofunda unyamula madzi ambiri koposa wozizira; mukauziziritsa osaucotsera madzi ake, ukhala wokhuta koposa kale, ndipo mukapitiriza, uyamba kutaya madziwo ngati mame. Ndiwo madontho aja muwaona pa botolo la cakumwa cozizira. Ophunzira adayesa ndithu: mpweya wa madigiri 32 umene wanyamula magawo 70 pa 100 a madzi amene ungathe kunyamula, uyamba kugwetsa mame ukafika pa madigiri 26. Paipi ikakhala yozizira kuposa pamenepo, m'kati mwake mugwa mame tsiku ndi tsiku, mu mdima, mopanda dzuwa loumitsa. Madzi oima m'malo a mdima abala cuku ndi fungo, ndipo fani ija itenga zonsezo niziuzira m'mphuno za ana, makamaka obvutika ndi cifuwa ca mphumu. Ndipo kukamwa kwa paipi kukakhala kosatchinga, udzudzu upeza poikira mazira. Walira mvula walira matope: kuzizira kumene tifuna ndiko kumene kubweretsa madziwo. Kuonjeza apo, nthunzi posanduka madzi itulutsa kutentha, cotero mphamvu ina ya nthaka ithera pa kufinya mame m'malo mwa kuziziritsa mpweya.

N'cinthu cofunika kudziwa kuti ngakhale makina a magetsi aja adabadwa polimbana ndi cinyezi. M'caka ca 1902 Willis Carrier adakonza makina ake oyamba cifukwa ca nyumba ina yosindikizira ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, kumene mapepala adali kufufuma ndi cinyezi kotero kuti mitundu ya inki siidali kugwera pamalo pake. Adaziziritsa mpweya kuti aufinye madzi. Kusangalatsa anthu kudadza pambuyo.

A ku India adaona mbali zonse ziwiri m'nyumba imodzi. M'caka ca 2000 bungwe lofufuza za mphamvu lotchedwa TERI lidatsekula nyumba yophunzitsiramo ndi yogonamo alendo pa Gual Pahari, pafupi ndi mzinda wa Delhi. Adakumba njira za mpweya pa kuya kwa mamita 4, pomwe nthaka ikhala pa madigiri ngati 26 caka conse. M'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene kunja kuuma ndi kupitirira madigiri 40, njirazo zidapatsa zipinda mpweya wabwino. Koma pofika mvula yao yaikulu ya m'Julai ndi Ogasiti, nthaka yokha siidathe kucotsa cinyezi, ndipo omanga adaikiratu makina ena othandiza pa miyezi imeneyo. Ndiyesa adacita mwanzeru posaisenzetsa nthaka katundu woposa mphamvu yake.

KUTHANDIZA NTHAKA

Kodi tsono a m'maiko a cinyezi angoitaya njira imeneyi? Iai. Pali zimene munthu angacite, ndipo coyamba ndi kuziziritsa nthaka yomweyo. Nthaka ya pamtetete imwa dzuwa tsiku lonse, ndipo ifunda koposa mpweya wa pamwamba pake. Mphunzitsi wina wa ku Israel, Baruch Givoni, amene adatha moyo wake pofufuza za nyumba ndi nyengo, adayesa kubvundikira nthaka ndi nsangalabwi kapena tizidutswa ta mitengo, kucindikala kwake masentimita 10, ndi kuithirira madzi. Cofundaco citchinga dzuwa kuti lisakhudze dothi, koma cisiya timipata topitira mpweya, ndipo madzi pouma pang'onopang'ono acotsa kutentha kwa dothilo. Adayesa kwao kouma, nayesanso kumpoto kwa Florida, dziko la cinyezi la ku America, napeza kuti pamwamba pa nthaka yotere pakhala pozizira ndi madigiri ngati 8 koposa pa nthaka ya pamtetete m'cirimwe. M'dziko la mvula yambiri kuthirira sikufunika konse, pakuti mvula ithirira yokha. Mlimi aliyense amene aphimbira mbeu zake za kudimba ndi mapesi adzati, Nanga izi n'zacilendo? Si zacilendo ai. Cacilendo ndi kuika paipi kunsi kwake. Mthunzi wa mitengo ndi udzu wobiriwira zicita nchito yomweyo, ndipo nthaka yozizira koposa pa khomo ndiyo ya kunsi kwa nyumba yeniyeniyo, imene siiona dzuwa.

Caciwiri ndi kupatsa madzi njira yotulukira. Paipi isagone mofanana. Itsetsereke masentimita 2 kapena 3 pa mita iriyonse, kulinga ku kadzenje kolandira madzi kumene munthu angathe kufikako ndi kutunga. M'kati mwake mukhale mosalala, pakuti paipi ya makwinya isunga madontho m'khwinya liri lonse. Polumikiza pamatidwe ndithu, kuti madzi a m'nthaka asalowe, ndiponso cifukwa ca mpweya wina wosaoneka ndi wosanunkha wotchedwa radon, umene utuluka m'miyala ina ya pansi, ndipo ukaunjikana m'nyumba zaka zambiri ubweretsa khansa ya m'mapapo. Kukamwa kwa paipi kukwezedwe pamwamba pa msinkhu wa m'ciuno, kubvekedwe kadenga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono wotchinga udzudzu, makoswe ndi njoka. Ndipo pomanga asiyemo cingwe cokokera nsanza yotsukira, pakuti paipi yosatsukika ndi msampha.

Ena aona kuti nkwabwino koposa kusapititsa mpweya wopuma anthu pansi pa nthaka. M'malo mwake akwirira paipi yaing'ono yotsekeka, yodzala madzi, nayendetsa madziwo ndi kapampu kucokera m'nthaka kufika m'simenti ya pansi pa cipinda, kapena m'kacipangizo kamene fani iuzira. Madzi anyamula kutentha kocuruka nthawi ngati 3,500 koposa mpweya wa muyeso womwewo, cotero kapaipi ka ngati cala cacikulu kagwira nchito ya paipi yaikulu, ndipo cuku cisowa polowera. Koma napo pali malire: simenti ikazizira kupitirira muyeso uja wa mame, pansi panyowa ndi kuterera.

Nthakanso itopa. Mukaithira kutentha usana ndi usiku osalekeza, dothi lozungulira paipi lifunda, ndipo nchito icepa tsiku ndi tsiku. Iyenera kupuma usiku. Mapaipi akakhala awiri atalikirane mita imodzi kapena kuposa, kuti asalimbirane kuzizira kumodzi. Dothi la dongo la mnyontho lilandira ndi kumwaza kutentha bwino koposa mcenga wouma, umene uli ndi mpweya wambiri m'kati mwake. Cotero a m'mphepete mwa nyanja, kumene kuli mcenga wokhawokha, afunika paipi yotalikirapo.

Nditanena zonsezi, ndinene poyera maganizo anga. Kumene kulibe cisanu konse, makolo a kumeneko adasankha bwino posakumba pansi. Nyumba zakale za a Malaysia zidamangidwa pa mizati, zopepuka, za mazenera aakulu ndi denga lotambalala, kuti mphepo ipite pansi, pakati ndi pamwamba. Mphepo yoyenda pa khungu, ngakhale yosazizira, ithandiza thukuta kuuma, ndipo munthu amva ngati kutentha kwatsika ndi madigiri 2 kapena 3. M'dziko lotere mthunzi ndi mphepo ndizo nsima, nthaka ndi ndiwo cabe.

NANGA KWATHU KUNO?

Dziko lathu la Malawi, pamodzi ndi kum'mawa kwa Zambia ndi dera la Tete, lakhala pakati, ndipo pa cinthu ici tiri ndi mwai umene a ku Malaysia alibe. Tiri naco cisanu m'Juni ndi Julai, cimene cidzaza nkhokwe ija. Ndipo miyezi yathu yotentha koposa, Okutobala ndi Novembala, ifika mvula isanagwe, mpweya ukali wouma ndipo nthaka ikali kukumbukira cisanu. Ku Lilongwe, pa mtunda wa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, kutentha kosakaniza kwa caka conse kuli pafupi ndi madigiri 20. Kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kukwera ndi madigiri angapo. Kucigwa ca Shire kukwera koposa. Koma kucigwako ndiko kumene masana a cirimwe afika 40, cotero ngakhale nthaka yao iri yofundirapo, kusiyana kwake ndi mpweya wa masana kukhoza kupitirira madigiri 10. Pa miyezi iwiri kapena itatu imeneyo paipi ya pansi ikhoza kukhala mpumulo weniweni.

Mvula ikagwa m'Disembala nkhani isintha, ndipo kufikira Malici tikhala monga a ku Malaysia. Pamenepo mlomo wa paipi wa m'nyumba utsekedwe, mazenera atsekulidwe, ndipo dzinja likatha paipi itsukidwe ndi kuuma isanauzirenso anthu. Padera pa izi, si pali ponse pamene pangakumbidwe. Mu dambo, ndi pali ponse pamene citsime cipeza madzi pafupi, ngalande idzala madzi m'dzinja, ndipo paipi yodzala mpweya ifuna kuyandama ndi kuthyoka polumikiza. A ku Nsanje ndi Cikwawa akumbukira madzi osefukira a 2015, ndi a namondwe Freddy wa 2023. Pamalo pamene madzi otere afika, nzeru ndi kukweza nyumba, si kukumba. Kukamwa kwa paipi kutalikire cimbudzi, khola ndi utsi wa kukhitchini, pakuti cimene cilowa kumeneko ndico cimene banja lidzapuma. Ndipo okumba acenjere: ngalande ya mamita 2 kapena 3 mu mcenga igumuka popanda cizindikiro nikwirira munthu wamoyo. M'mbali mwake mupendeke kapena mucirikizidwe ndi matabwa, wokumba asatsale yekha, ndipo ana asayandikire kufikira itakwiriridwa.

Koma munthu asayambe ndi khasu. Ayambe ndi denga. Kutentha kocuruka kwa nyumba ya malata kutsika kucokera kumwamba, pakuti lata lotenthedwa liwaula onse okhala kunsi kwake monga ciwaya ca pamoto, ndipo palibe paipi imene ingapambane nalo. Pa ici tiphunzire kwa Francis Kéré, mwana wa mfumu ya mudzi wa Gando m'dziko la Burkina Faso, amene adaphunzira zomangamanga ku Berlin nabwerera kukamanga sukulu ya pulaimale ndi anthu a kwao m'caka ca 2001. Adamanga zipupa za njerwa za dothi, naika siling'i ya njerwa pamwamba pa zipinda, ndipo malata adawakweza pa zitsulo kusiya mpata pakati, kuti mphepo ipite ndi kucotsa kutentha kusanafike kwa ana. Malatawo adawatambalitsa kuti acite mthunzi pa zipupa. Pambuyo pake, pokonza sukulu ya sekondale ya mudzi womwewo, ndipo adaonjezapo njira za mpweya za pansi pa nthaka ndi mitengo yozungulira, ndipo kakonzedwe kameneko kadalandira mphotho m'caka ca 2012. M'caka ca 2022 adalandira mphotho ya Pritzker, yaikulu koposa mwa amisiri a zomangamanga, woyamba wa mu Africa kuilandira. Tsatani m'mene adatsatanitsira: denga poyamba, zipupa ndi mthunzi, nthaka pomariza. Kwathu kuno siling'i ya mphasa kapena ya bango, mpata wotulukira mpweya pansonga pa denga, penti yoyera pa malata, khonde lotambalala ndi mtengo wa mango kumadzulo kwa nyumba, zicotsa kutentha kwambiri pa mtengo wocepa koposa wa mapaipi.

Paipi ya mamita 40 ndi kukumba kwake si cinthu cotsika mtengo kwa banja limodzi, ndipo ndiyesa kuti poyenera kuyambira ndi nyumba za anthu onse: cipinda ca amai oyembekezera kucipatala ca kumudzi, cipinda cosungiramo mankhwala kapena mbeu, kalasi ya ana a sukulu imene idzala masana. Kumeneko manja okumba ndi ambiri, ndipo nthawi yabwino yoika paipi ndiyo pokumba maziko, nyumba isanamangidwe.

Asanagule kanthu, a komiti ayambe ayesa nthaka yao, ndipo kuyesako sikufuna ndarama. Madzi a pa mjigo acokera kunsi kumene nthaka siisintha, cotero ndiwo mboni ya kutentha kwa nthaka ya mudzi wanu. Bwerekani coyezera kutentha kusukulu, ca mtundu woyezera mpweya ndi madzi, si ca kucipatala coika m'khwapa ai, pakuti cimeneco siciwerenga madigiri otsika. Pa tsiku lotentha la m'Okutobala, dzuwa litapendeka pang'ono, pompani mjigo kufikira madzi oima m'citsulo atatha, ndipo yesani madzi atsopanowo ali kutuluka. Pambuyo pake pukutani coyezeraco ndi kuyesa mpweya pa mthunzi wa mtengo. Lembani manambala awiriwo, ndipo citani comweco masiku 7. Kusiyana kukakhala madigiri 8 kapena kuposa, nthaka yanu iri nazo zokupatsani. Kukakhala kocepera 5, ndarama zanu zipite ku siling'i ndi mazenera. Mubwerezenso kuyesako m'Febuluwale, ndipo pa tsikulo thirani madzi a mjigowo m'botolo louma kunja, muliike pa mthunzi kanthawi: likacita mame, dziwani kuti paipi yanu idzacita mame omwewo m'dzinja, ndipo kadzenje kolandira madzi kaja kakumbidwe kakakulu.